Za love ndi agape zija mwafunsazi

Achimwene, mwafunsa ngati nzoona zomwe analalikira abusa anu, zoti Chingerezi chili ndi liu limodzi lokha la love pomwe Chigiriki chili ndi anayi, ndiye kuti agape ndi chikondi cha Mulungu yekha basi. Koyambako sananame. Mzungu amati love kwa mkazi wake, kwa amayi ake, ngakhalenso kwa timu ya mpira, monga mmene ifenso timati ndimakonda mkazi wanga, ndimakonda nsima ya kondowole. Agiriki anali ndi eros ya mwamuna ndi mkazi, filia ya ubwenzi (dzina la mzinda wa Philadelphia linachokera pamenepa, chikondi cha pa abale), storge ya makolo ndi ana, kenako agape.

Koma zoti agape ndi ya Mulungu yekha, apo pokha ndikukana, ndipo zimandiwawa chifukwa anthu amangolemba mu notibuku osakaona okha mavesi. Tsegulani Yohane 3:19, pomwe akuti anthu anakonda mdima koposa kuunika, mneni amene ali pamenepo mChigiriki ndi agapao, wa agape yemweyo. 2 Timoteo 4:10 Paulo akudandaula kuti Dema wamusiya chifukwa chokonda dziko lino, ndi agapao kachiwiri. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi 2 Samueli 13, mu Septuagint, Chipangano Chakale chomasuliridwa mChigiriki, akuti Amnoni anakonda Tamara mlongo wake ndi liu lomweli, ndipotu uyu ndi munthu amene anamugwiririra kenako nkumuthamangitsa. Ndiye mungati chimenecho chikondi cha Mulungu?

Eros mu Chipangano Chatsopano mulibemo olo kamodzi. Storge imangopezeka italumikizidwa ndi mau ena, monga pa Aroma 1:31 ndi 12:10.

Ndikudziwa kuti muthamangira ku Yohane 21, pomwe Yesu anafunsa Petro katatu kuti kodi umandikonda. Inde, kawiri koyamba Yesu akuti agapao, Petro akuyankha fileo, mneni wa filia uja, kachitatu Yesu nayenso akuti fileo, ndipo pali ophunzira ena omwe amaona kusiyana pamenepo, sindikuwanyoza. Koma Yohane yemweyo amasinthasintha mau awiriwa mmene akufunira, pa 3:35 Atate akonda Mwana ndi agapao, pa 5:20 Atate akonda Mwana ndi fileo, kodi chikondi cha Atate chinatsika pakati pa chaputala 3 ndi 5? Komanso vesi 17 ya chaputala 21 ikunena kuti Petro anamva chisoni poti anafunsidwa kachitatu, paja iyeyu anamukana Yesu katatu usiku uja akuotha moto.

Agape ya pa 1 Akorinto 13 ndi yokongola chifukwa cha zomwe Paulo ananena kuti imachita, kuleza mtima, kusasunga mangawa, ndiye mukawerenge ndime yonse osati liu lokhalo. Ku Athens lero mnyamata akamauza chibwenzi chake kuti ndimakukonda amati s'agapo, mneni wa agape yemweyo.