Funsani Amalume: Ndikufuna kupanga HMS Victory ya patebulo

Amalume, ndine mnyamata wa ku Chilenje, ndinaona pa YouTube anthu akupanga tizombo ta matanga tamatabwa ndiye mtima wangokhala pomwepo. Ndikufuna kuyamba ndi HMS Victory koma kuyitanitsa kit kuchokera kunja ndalama zake sindingakwanitse. Ndiyambire pati?

Mphwanga, Victory isiye kaye. Chombo chimenechija chinalowa m'madzi mu 1765, ndi chomwe Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, anaferamo pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805, mpaka lero chikadali ku Portsmouth ku England, chinali ndi mizinga yoposa 100 ndipo zingwe zake ukazilumikiza zimafika pafupifupi makilomita 42, ndiye tangoganiza iweyo ndi ulusi ndi katwiza pansi pa babu, magetsi athu omwe amapita osatsanzikawa. Anthu ambiri sagwa pa matabwa ayi, amagwa pa zingwe, chombo n'kukathera pamwamba pa wadiropu.

Ine ndikanati yamba ndi dhow, chombo cha matanga cha Aarabu ndi Aswahili. Mlongoti umodzi, thanga limodzi la makona atatu, basi. Ndipo mbiri yake si yachilendo kwa ife, Jumbe, wamalonda wa Chiswahili wa ku Nkhotakota, ankawolotsa minyanga ndi akapolo pa nyanja ya Malawi ndi zombo zoterezi m'zaka za m'ma 1800. Ukadzachiyika pa shelefu alendo sadzasowa chofunsa.

Sikelo usankhe yosavuta kuwerengera. Pa 1:100 mita imodzi imakhala sentimita imodzi, mwachitsanzo Cutty Sark ya 1869 ija, yonyamula tiyi kuchokera ku China, thupi lake ndi pafupifupi mamita 65 ndiye patebulo ikhala masentimita 65. Koma dhow ndi yaing'ono, ipange pa 1:50 kuti zala zizilowa.

Apa ndiye mvetsera. Dula msana wa chombo ndi nthiti zake pa pulayiwudi yopyapyala, msanawo uupanikize pa thabwa lowongoka usanamate chilichonse chifukwa ukapindika pang'ono chabe chombo chonse chituluka ngati nthochi ndipo palibe sandipepa amene angakuwombole. Timatabwa ta m'mbali uzitiviika m'madzi otentha, utipinde tidakali tonyowa, tiume titapanikizidwa ndi mapegi a zovala, kenako umate ndi guluu woyera wa akalipentala. Ukamata kamodzi kumanja mata kamodzi kumanzere, osamaliza mbali imodzi kaye ayi, imakoka inzake. Supaguluu musiyire tinthu tating'ono, amauma usanaganize bwino.

Matabwa usavutike nawo, pita ku msika wa Buseko kapena kwa kalipentala wa m'komboni mwanu umupemphe zidutswa zotsala. Paini ndi wofewa, wabwino kuphunzirira. Mukwa ndi wokongola zedi koma umalimba, usunge wa pa deki ndi choyikapo chombo. Wonetsetsa kuti ndi zouma, zaziwisi zimang'aluka kukatentha mu Okutobala.

Ulusi wa zingwe uzipaka phula la njuchi kuti usachite ubweya, nsalu ya thanga uyiviike mu tiyi wopanda mkaka ioneke yakale.

Amalume, amuna anga anamaliza chombo chawo cha pulasitiki cha Revell koma fumbi la ku Matero lachikuta, ndikafuna kupukuta amakalipa. Nditani?

Mayi, nsanza ayi chonde, imakola zingwe n'kuthyola milongoti, abambowo akukalipa ndi chifukwa. Tengani kaburashi kofewa ka mekapu muzisesa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba kutsika, madzi asayandikire. Koma mphepo ya Ogasiti ikayamba mudzatopa nazo, ndiye auzeni apite kwa odula magalasi awapangire kabokosi, ayeze mpaka nsonga ya mtengo wotulukira kutsogolo uja chifukwa ndi umene anthu amaiwala, asiye mpata wa zala zitatu mbali zonse. Ndipo chisakhale pawindo, dzuwa limafwifwitsa penti ndi kupinda pulasitiki.