Achemwali, za ulendo wa mnyamata wathu uja

Achemwali, mwaswera bwanji? Kulemba kundichedwetsa, bola ndingolankhula. Mwafunsa kuti mnyamata wathuyu akamayenda wapansi ndi anzake kuchoka ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, n'kumagona m'makomo mwa anthu a zipembedzo zina, azikadya chiyani, ndiponso ngati sakasokonezeka pa chikhulupiriro chake. Mtima m'malo. Njira imeneyo ndinaipondapo ndili mnyamata.

Akafika pamudzi, afike dzuwa lilipo, ndipo ayambire kwa anyakwawa. Iwo ndi amene amadziwa khomo loti mlendo n'kugona. Anene dzina lake, kwawo, ndi mpingo wake, osabisa. Munthu amene wanena poyera kuti ine ndine wa CCAP amamulemekeza kuposa wonamizira kuti ndi mnzawo.

Masiku oyambawo, kuyambira kwa Mponda kulowera cha ku Monkey Bay, makomo ambiri ndi a Asilamu, Ayao. Akamva "Salaam aleikum" ayankhe "Wa aleikum salaam", ndi moni wa mtendere chabe. Adye ndi dzanja lamanja. Nyama ya nkhumba asayerekeze kulowa nayo pakhomo, ngakhale ili m'chikwama, chimodzimodzi mowa. Akagula nkhuku yoti adyere limodzi, aipereke yamoyo kuti bambo wa pakhomopo achinje yekha, chifukwa nyama yosachinja mwa lamulo lawo sadya. Amayi akapanda kutambasula dzanja, iye asayambe, angopereka moni mwaulemu ali chapatali. Mbandakucha adzamva kuitana kwa kumzikiti, eni nyumba adzadzuka kukaswali. Palibe amene adzamudzutse.

Koma achemwali, chimene sindiiwala ndi ichi. Ine ndinadutsa kumeneko m'mwezi wa Ramadani. Anthu akusala, osalawa ngakhale dontho la madzi, dzuwa la ku Mangochi lija mukulidziwa. Amayi ena anakoleza moto masanasana n'kundiphikira phala ine ndekha, ati woyenda ulendo asagwe panjira. Iwo osadya. Anandiika kuseri kwa nyumba kuti ndidye momasuka, madzulo n'kundiitana pamphasa kudzadya nawo futali. Za kusintha chipembedzo sanazitchule n'komwe. Ndiye mumuuze kuti akakumana ndi zotero asadyere pamaso pa osala, komanso asakane chakudyacho, amakhala atavutikira.

Akadutsa msewu wa ku Golomoti adzafika ku Mua. Pamenepo ndi pa Akatolika, mishoni inayamba 1902, ndipo ansembe a chipani chimene chinaiyambitsa, cha White Fathers, anali atayesapo kukhala kwa Mponda mu 1889 koma sizinatheke. M'makomo ena madzulo amachita kolona. Akhale nawo chete, akafika pa Atate Wathu alowe nawo, pempherolo ndi lathu tonse. Ku Misa angapite, koma mgonero asalandire, amenewo ndi malamulo awo. Deralo lilinso ndi eni gule wamkulu. Akakumana ndi zilombo panjira apatuke, asajambule ndi foni, ndipo kunkhalango ya kumanda, kumene kumakhala dambwe, asayandikire ngakhale njira yachidule ili komweko.

A Sabata nawo alipo. Iwo Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, ndiye asawatume kukagula zinthu nthawi imeneyo. Nsomba zopanda mamba, mlamba kapena kampango, sadya. Akafuna kugulira pakhomo ndiwo, agule chambo kapena usipa.

Ku Nkhotakota adzaona yekha kuti zimenezi si zachilendo. Chisilamu chinakhazikika kumeneko ndi a Jumbe, Aswahili aja, ndipo tauni yomweyo muli tchalitchi chakale cha Anglican momwe anaika bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. M'banja limodzi mumapeza wina Msilamu wina Mkhristu, maliro akachitika onse ali pomwepo.

Mantha anu ndikuwamva, ndinu mayi. Koma mwana amene munamulera inuyo sangataye chikhulupiriro chifukwa wagona pamphasa ya shehe. Chimene ndimaopa ine ndi pakamwa pa achinyamatawa. Asakayambe mtsutso wa Baibulo ndi Korani pakhomo pa munthu amene wamupatsa madzi osamba. Akafunsidwa ayankhe mofatsa, akafuna kupemphera apemphere mwakachetechete pogona pake.

M'chikwama mumuikire shuga, mchere ndi sopo, zogawa m'timapaketi. Ambiri ndalama amakana, koma zimenezi amayi a pakhomo amalandira. M'mawa asese pabwalo, atsanzike kwa anyakwawa asananyamuke. Mumuuze andiimbire Lamlungu akaweruka kutchalitchi, ndimufotokozere bwino za mtunda wa pakati pa Salima ndi Nkhotakota, chifukwa pamenepo m'pataliko ndipo kumatentha.