Za mankhwala atsopano a CAH

Mayi, mwafunsa ngati kwabwera mankhwala atsopano a CAH (matenda obadwa nawo amene tiziwalo ta adrenal, tokhala pamwamba pa impso, sitipanga bwino mahomoni) oti mwana wanu asiyire hydrocortisone. Kusiya ayi ndithu, chonde musayerekeze, thupi lake silipanga cortisol wokwanira (homoni imene hydrocortisone amalowa m'malo mwake) ndiye atha kudwala mwakayakaya. Koma zatsopano zilipo. Mankhwala otchedwa crinecerfont anayesedwa pa akulu ndi ana pa kafukufuku wa CAHtalyst, ndipo FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, linawavomereza mu Disembala 2024 kwa azaka 4 kupita m'tsogolo. Mankhwalawa amatsitsa ACTH (homoni yolamula tiziwalo ta adrenal) ndiye ma androgen (mahomoni achimuna amene amachuluka pa CAH) nawo amatsika, zikatero adokotala atha kuchepetsa mlingo wa ma steroid monga hydrocortisone amene akachuluka amanenepetsa, kufooketsa mafupa, mwana osakula bwino, zimandimvetsa chisoni kwambiri zimenezi. Pa mankhwala ena atsopano, tildacerfont sanayende bwino poyesedwa, atumelnant akuyesedwabe. Kawafunseni adokotala a mahomoni amene amamuona mwanayo.