Kwa adzukulu amene akukatumikira kudziko la eni

Adzukulu anga, uthenga wanu ndaulandira. Mwati gulu lanu la achinyamata 12 likukonzekera ulendo wa milungu itatu kunja, kukathandiza mpingo wa kumeneko ndi kukapempherera anthu. Mwafunsa ngati mungakapemphere mofuula pamsewu monga munazolowera, ngati n'koyenera kunyamula mphatso ndi ndalama zokagawa, komanso zomwe mungachite kuti ulendowu usasanduke wongokaona malo. Mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula.

Mukakatsika kumeneko mukapeza kuti Mulungu anafikako kale. Mpingo uliko, abusa aliko, amayi amene akhala akupempherera dera lawo zaka zambiri aliponso. Inu mukakhala alendo, ndipo mlendo ndi mame: dzuwa likakwera amauma, udzu n'kutsala pomwepo. Chilichonse chimene mukalankhule kapena kuchita, amene adzatsale nacho ndi eni ake. Zonse zimene ndikuuzeni zikutsamira pamenepa.

Za mapepala muyambe kutatsala miyezi itatu. Maiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito, komanso masamba osadindapo. Ngati dzikolo limafuna katemera wa yellow fever, dziwani kuti chikalata chake chimayamba kugwira ntchito pakadutsa masiku 10 chibayitsireni, ndiye wobayitsa mawa lake ndi ulendo akhoza kubwezedwa pachipata. Aliyense akhale ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo mtsogoleri asunge makope a mapasipoti onse m'chikwama china.

Pa viza ndi pamene ambiri amapunthwa. Viza ya munthu wokaona malo siilola kulalikira m'maiko ena, ndipo India ndi limodzi mwa maiko amenewo. Ku Nepal lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kutembenuza munthu chipembedzo. Ku Russia lamulo la mu 2016 linaika malire okhwima pa ntchito yaumishonale. Funsani abusa okuitanani kuti viza yoyenera ndi iti, ndipo akulembereni kalata yonena malo okafikira, masiku ndi ntchito yomwe mukagwire. Pachipata musaname. Mukagwidwa, inu akakukwezani ndege kubwerera, koma abusa amene anasainira kalata ija ndi amene azikaitanidwa kupolisi. Boma likachenjeza kuti dera lina kuli nkhondo, mverani. Mu 2007 gulu la Akhristu 23 a ku South Korea linagwidwa ndi a Taliban ku Afghanistan, ndipo awiri anaphedwa.

Tsopano za pemphero, zimene mitima yanu ikuyakira.

Mapempheredwe amene munazolowera si okhawo amene Mulungu amamva. Kuli mipingo imene onse amafuulira pamodzi, kulinso imene munthu mmodzi amawerenga pemphero ena ali chete, ndiponso kuli abale amene amasonkhana m'nyumba zitseko zili zotseka, kuimba motsitsa mawu kuopa oyandikana nawo. Masiku awiri oyamba khalani kumbuyo, penyani, mverani. Za kupemphera pamsewu musagamule nokha. Abusa a kumeneko akati ayi, ndi ayi, ngakhale mtima ukutentha bwanji. Mphindi khumi zanu zofuula zikhoza kutsekera mpingo wawo khomo limene analitsegula movutikira. Za malilime pamsonkhano, Paulo anaika kale dongosolo pa 1 Akorinto 14:27-28: awiri kapena atatu, mosinthana, pakhale womasulira, ndipo ngati palibe womasulira, munthu alankhule chamumtima.

Musanapempherere munthu, mupempheni. Mufunseni dzina ndi chimene chikumuvuta, kenaka mufunsenso ngati akulola kumugwira. Ku Thailand, mwachitsanzo, kugwira munthu pamutu n'chipongwe, choncho kusanjika manja kumene inu mumakuona ngati dalitso iye akhoza kukumva ngati kumunyoza. Paphewa pamakwana, ndipo nthawi zina kungoima pafupi n'kokwanira. Anyamata apempherere abambo, atsikana apempherere amayi, ndipo musalowe m'nyumba ya munthu muli nokha. Ambuye anatuma ophunzira awiriawiri pa Luka 10. Musamuzinge munthu anthu khumi nthawi imodzi. Wodwala kapena wamanyazi amachita mantha, amavomera chilichonse kuti mumusiye, inu n'kumaganiza kuti watembenuka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukuletsani ndi mtima wanga wonse. Musauze wodwala kuti wachira ndiye asiye mankhwala. Wa shuga akasiya jakisoni akhoza kukomoka m'masiku ochepa. Wa TB akadukiza mankhwala ake a miyezi isanu ndi umodzi, matenda akhoza kubwerera ali osamva mankhwala. Wa ma ARV chimodzimodzi. Pempherani ndi chikhulupiriro chonse, koma wonena kuti munthu wachira akhale dokotala atamuyeza. Musalonjezenso m'dzina la Mulungu zimene sanakutumeni, monga mwana kwa mayi wosabereka kapena ntchito pofika mwezi wamawa. Inu mudzakhala mutapita, ndipo mayi uja adzatsala akudzifunsa ngati chikhulupiriro chake ndicho chinaperewera.

Womasulira mumulemekeze ngati mlaliki mnzanu, chifukwa anthu adzamva iye, osati inu. Ngati mukulalikira mawa, khalani naye madzulo a lero, mumuonetse mavesi kuti awapeze m'Baibulo la chilankhulo chawo. Lankhulani chiganizo chimodzi chachifupi, imani, amalize. Miyambi, nthabwala ndi mawu okuluwika zisiyeni, sizioloka mtsinje. Kumbukiraninso kuti uthenga wa mphindi 20 ukamasuliridwa umatenga mphindi 40. Ndipo poyankhula muziyang'ana munthu amene mukucheza naye, osati womasulirayo.

Pemphero la gulu lanu lisadikire kuti mpata upezeke, chifukwa supezeka. Ikani theka la ola m'mawa musanatuluke, ndi theka lina madzulo loti aliyense anene chimene chamusangalatsa ndi chimene chamupweteka. Mlungu woyamba zonse zimakoma. Wachiwiri ndi pamene tulo tachepa, m'mimba mwasokonezeka, wina wayamba kusowa kwawo, ndipo kankhani ka mpando wa m'galimoto kamabala mkangano. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi Satana. Mwina ndi iyeyo, koma yambani mwagona mokwanira, mwamwa madzi, mwapepesana. Tsiku limodzi pamlungu likhale lopuma ndithu. Otsala kumpingo kwanu agawane maola okupemphererani. Abale a ku Herrnhut ku Germany anayamba ulonda wotere mu 1727, amuna 24 ndi akazi 24 kugawana maola a usana ndi usiku, ndipo unapitirira zaka zoposa 100. Amishonale awo oyamba ananyamuka mu 1732 kupita kuchilumba cha St Thomas.

Pa ntchito ya manja, funsani eni ake chimene akufuna musanagule ndi penti yemwe. Khoma lomangidwa ndi anthu osadziwa kumanga limagumulidwa alendo akangochoka, ndipo mmisiri wa pamalopo amakhala wataya ganyu. Ndi bwino ndalamazo zilipire mmisiriyo, inu mukhale omutungira madzi ndi kumupatsira njerwa. Amene sanaphunzire za chipatala asagawe mankhwala kapena kubaya jakisoni, ndipo ngakhale namwino weniweni amafunika chilolezo cha dzikolo.

Ana ndiwo amafuna kusamala koposa. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana; pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse, pamalo poonekera. Kumalo osungira ana amasiye musanyamule mwana mmodzi masiku onse n'kumamuuza kuti ndinu amayi ake. Mwana amene anasiyidwa kale mukamukonda milungu itatu n'kuchoka, mwamutsegula bala lakale. Thandizani omulera amene adzakhala naye chaka chonse. Ndipo mwana sachotsedwa pamalo popanda makolo ndi boma. Mu January 2010, chivomezi chitangochitika ku Haiti, amishonale 10 a ku America anamangidwa akufuna kuolotsa ana 33 kupita ku Dominican Republic opanda mapepala, ndipo zinapezeka kuti ambiri mwa anawo anali ndi makolo amoyo.

Mphatso nyamulani, koma musagawe nokha. Mukaponya maswiti pagulu la ana, amphamvu amapondereza aang'ono, ndipo onse amaphunzira kuti mlendo ndi wopemphedwa. Mukapatsa banja limodzi ndalama mwamseri, mwabzala nsanje mumpingo. Perekani zonse kwa akuluakulu a mpingo, pamaso pa anthu awiri kapena atatu, iwo ndiwo akudziwa wosowa weniweni. Thumba la gulu lisungidwe ndi anthu awiri, malisiti asungidwe, ndipo madzulo aliwonse ndalama ziwerengedwe. Paulo yemwe sanafune kunyamula chopereka yekha, monga tikuonera pa 2 Akorinto 8:18-21, kuopa kuti wina angamunenere zoipa. Wina akakupemphani fizi kapena foni, musayankhe kuti "tiona" pofuna kuthawa manyazi. Kwa munthu wosowa, "tiona" ndi lonjezo, ndipo adzadikira. Nenani mwaulemu kuti simungathe, kapena kuti nkhaniyo ipite kwa abusa. Za zibwenzi, kaya ndi a kumeneko kaya m'gulu mwanu momwemo, zidikire mubwere.

Chakudya chimene akupatsani landirani, ndi zimene Luka 10:8 akunena. Ngati chikukuvutani, tengani pang'ono, thokozani, nkhope isakwinyike. Madzi okha ndiwo musachite nawo manyazi: imwani a m'botolo lotseka kapena owiritsidwa mpaka kubwata kwa mphindi imodzi. Wina akatsegula m'mimba, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono. Mukaona magazi kapena thupi latentha, thamangirani kuchipatala. Zovala funsiranitu musanalongedze. Hudson Taylor, amene anayambitsa bungwe la amishonale la China Inland Mission mu 1865, ankavala ngati Atchaina ngakhale azungu anzake ankamuseka, pofuna kuti chovala chisatseke makutu a anthu.

Foni ikhale m'thumba pa nthawi ya pemphero. Munthu amene akulira pamaso pa Mulungu sajambulidwa. Kwina konse pemphani chilolezo, ndipo kwa mwana chilolezo chimachokera kwa kholo. M'maiko amene kutembenuka kumabweretsa chizunzo, musaike pa Facebook kapena pa WhatsApp nkhope, dzina kapena mudzi wa wokhulupirira watsopano, ngakhale mutabwerako kale. Chithunzi chimodzi chikhoza kumuchotsetsa ntchito kapena kumuthamangitsa pabanja.

Mukabwerera, chitani zimene Paulo ndi Barnaba anachita pa Machitidwe 14:27: sonkhanitsani mpingo umene unakutumani, mufotokoze. Nenani zoona zokhazokha. Ngati anakweza manja ndi anthu 50, nenani kuti anakweza manja, musanene kuti onse anapulumuka, chifukwa zimenezo adzazidziwa ndi abusa a kumeneko pakapita miyezi. Tchulani ntchito imene eni ake anagwira, ndi zimene inu munaphunzira kwa iwo. Lipoti la ndalama liperekedwe pamodzi ndi malisiti. Pasanathe milungu iwiri lemberani okulandirani kalata yothokoza, ndipo muwafunse mosabisa chimene gulu lanu linalakwitsa ndi chimene angakonde kuti gulu lotsatira lidzachite mosiyana. Mayina a anthu amene munawalonjeza pemphero alembedwe m'kope, mugawane, aliyense atenge atatu kapena anayi oti aziwatchula pamaso pa Mulungu mlungu uliwonse.