Masiku 30 amene katundu wanga sanagone

Achimwene, mwafunsa mmene timawerengera masiku pa Excel ife a geni yodutsa malire. Kuchotsera basi. Deti lolowa katundu kosungira mu bokosi la A2, lotuluka mu B2, kenako =B2-A2. Excel imasunga deti ngati nambala, kuyambira pa 1 Januwale 1900 yemwe ndi 1. Izi ngakhale mwana angachite.

Pogona nkhani ndi tsiku loyamba. Kosungira katundu ambiri amalipiritsa lolowa ndi lotuluka lomwe, ndiye onjezerani +1, apo ayi mukaima pawindo ndi ndalama zoperewera. Fomula yowerengera masiku a ntchito ya NETWORKDAYS musaikhulupirire pankhaniyi. Imachotsa Loweruka ndi Lamlungu, koma geti likatsekedwa bilu siigona.

Ine a kosungira katundu anatsala pang'ono kundisiya ndi malaya okha chifukwa cha deti la 03/04. Katundu analowa pa 3 Epulo, wa ngongole, wogula akudikira kale. Kompyuta ya kalaliki inatcheredwa chi Amereka, mwezi patsogolo, ndiye inawerenga 4 Malichi. Masiku 30 ongochokera kumwamba! Bilu yake inameza phindu lonse n'kuyamba kudya mpamba. Ndinakwera kwa bwana wake. Osandiyang'ana n'komwe, chala chili pafoni, akuti, "Kompyuta siinama, bambo." Kenako n'kutsitsa mawu kuti mwina tikhoza kumvana. Ndinadziwa kuti akufuna kangachepe. Anthu amenewa cholakwika amachiona bwinobwino, kungoti chikawakomera amachita khungu.

Sindinapereke. Ndinatulutsa chikalata cha pageti, chidindo chake chili ndi mwezi wolembedwa m'zilembo, n'kuchiyala patebulo. Ndinakana kuchoka mpaka kalaliki atasintha bokosilo kuti lionetse dzina la mwezi. Linaonetsa March. Onse zii. Anakonza, kupepesa ayi, ndipo pamene thiraki imatuluka wogula uja anali atatenga kwa wina. Katunduyo ndinachita kumugulitsa pang'onopang'ono, wangongole ali pakhosi.

Lero palibe amene angandipusitse ndi deti. Langa ndimalemba chaka, mwezi, tsiku. Mukalandira fayilo ya munthu, onani mbali imene deti lakhala: likatsamira kumanzere nthawi zambiri ndi mawu chabe, ndipo kuchotsera kungakupatseni #VALUE!, chizindikiro choti fomula yakanika. Masiku otsala pa chilolezo chokhalira m'dziko la eni ndimachotsera TODAY(), fomula yopereka deti la lero, ku deti lothera. Fomula ya DATEDIF ya "m" imangowerenga miyezi yathunthu, masiku apamwamba imataya, pomwe wapaboda satayako ngakhale limodzi.