Mwana akuyankha m'Chiwelishi, tizimitse TV?

Kalata ya mlungu uno yachokera kwa mayi wina wa ku Bangor, kumpoto kwa Wales. Akuti mwana wawo wa zaka zisanu wakakamira makatuni a pa S4C, kanema wa Chiwelishi, moti akamufunsa m'Chichewa akumayankha m'Chiwelishi. Akufunsa ngati amuletse. Akudandaulanso kuti timalipira laisensi ya TV yoposa mapaundi 170 pachaka, ndiye ndalama ina nkumapita ku kanema wa chilankhulo cha anthu owerengeka.

Achemwali, za ndalamazo ndi zimene zandiyabwa, ndiye mundipirire.

Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno kumadzulo kwa Wales. Tinali ndi agogo ena, mphunzitsi wakale, amene moyo wawo wonse ankalankhula Chingelezi chomveka bwino. Matenda oiwala atawagwira, Chingelezi chija chinayamba kuthothoka, nkutsala Chiwelishi cha paubwana. Dzuwa likamalowa ankavala jasi, chikwama m'khwapa, nkukaima pachitseko kuti akupita kwa amayi awo. Tiyi ankakana. Ndikawanyengerera m'Chingelezi ankangondiyang'ana ngati ndabwera kudzawabera. Mnzanga wina wakonkuno ndi amene ankadziwa mankhwala ake: kuyatsa Pobol y Cwm, sewero limene BBC inayamba mu 1974 ndipo likuonetsedwabe pa S4C. Agogo aja ankakhala pampando jasi ili m'thupi, nkuyamba kukalipira anthu a m'seweromo, kuwaloza chala, monga amayi athu amachitira ndi masewero a pa MBC. Sewero likamatha chikwama chili pansi, tiyi wamwedwa. Ndiye munthu akandiuza kuti kanemayu ndi kuwononga ndalama, ndimayamba ndamufunsa ngati anagwirapo shifiti ya madzulo.

Komanso kanemayu sanabwere ngati mphatso. Pachisankho cha 1979 chipani cha Conservative chinalonjeza kanema wa Chiwelishi, koma boma la Margaret Thatcher litangolowa, nduna William Whitelaw inabweza mawu. Anthu anakana kulipira laisensi, ena anakwera nsanja zoulutsira mawu, ena anamangidwa. Mu 1980 Gwynfor Evans, mtsogoleri wa chipani cha ku Wales cha Plaid Cymru, bambo wokalamba kale, analengeza kuti asiya kudya mpaka kufa ngati lonjezolo silikwaniritsidwa. Boma linagonja asanayambe nkomwe, ndipo S4C inatsegulidwa pa 1 Novembala 1982, kutatsala tsiku limodzi kuti Channel 4 iyambe. Ife tafika dzulodzuloli. Kumadandaula za kandalama kathu pa chinthu chimene eni nthaka analowera nacho m'ndende, ine ndikuti ndi mwano. Ndanena.

Sindikuti TV imapulumutsa chilankhulo payokha. Kalembera wa 2011 anapeza olankhula Chiwelishi pafupifupi 562,000, wa 2021 anapeza 538,300. Atsika, kanema alipo. Koma taonani kumene kanema wotere anasiyidwa m'manja mwa amalonda. Ku Brittany, m'dziko la France, TV Breizh inayamba mu 2000 ndi mapulogalamu a Chibretoni, koma patangopita zaka zochepa inadzaza ndi mafilimu akale a Chifalansa ndi a ku America, chifukwa otsatsa malonda amatsata unyinji. Chilankhulo chaching'ono sichingapikisane pamsika wotero. Pamafunika ndalama ya anthu onse, yanu ndi yanga yomwe.

A ku Ireland anachita kuba mphepo. Mu 1987 anthu a ku Connemara anadzipangira kanema wa Chiairishi wosaloledwa kwa masiku ochepa, kuti boma lione kuti nzotheka. Kanema wovomerezeka wa Chiairishi, amene lero amatchedwa TG4, anadzatsegulidwa pa 31 Okutobala 1996, likulu lake ku Baile na hAbhann, kumudzi kwenikweni, osati ku Dublin. Ku Scotland anadikira mpaka 2008 kuti apeze BBC Alba, pamene olankhula Chigeliki sankafika ndi 60,000 omwe. Onsewa anatulukira nzeru imodzi: masewera. TG4 imaonetsa hurling (masewera omenya kampira ndi ndodo) ndi mpira wachikhalidwe cha ku Ireland, BBC Alba mpira wa matimu a ku Scotland, S4C ragibi. Munthu wosamva liwu ndi limodzi lomwe amaonera chifukwa timu yake ikusewera, ndipo chilankhulo chimalowa m'nyumba mwake osagogoda. Mlamu wanga ku Glasgow amaonera mpira pa BBC Alba, amakuwa m'Chichewa, wolengeza akukuwa m'Chigeliki, ndipo palibe amasokoneza mnzake.

Chimandiwawa kwambiri nchakuti ife Amalawi nkhaniyi timayenera kuimva msanga kuposa wina aliyense. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwerera mu 1994. Funsani achikulire a ku Rumphi mmene zinkamvekera kutsegula wailesi ya dziko lako nkusamvamo chilankhulo cha amayi ako. Ife olankhula Chichewa tinali mbali yokondwa, nchifukwa chake timafulumira kufunsa kuti "anthu ochepa chonchi akufuniranji kanema wawo?"

Ndiponso tinene zoona. Olankhula Chichewa tilipo mamiliyoni ambirimbiri, Malawi, Zambia, Mozambique, kuposa olankhula Chiwelishi kutalitali. Iwo ali ndi Cyw, mapulogalamu a ana m'mawa uliwonse kuyambira 2008. Fireman Sam amene ana athu amamukonda uja anayambira pa S4C ngati Sam Tân. Ife tingamuyatsire chiyani mwana wa zaka zisanu m'Chichewa, Loweruka m'mawa? Nyimbo za kwaya pa YouTube ndi nthabwala za akuluakulu zimene sufuna kuti mwana amve. Mwana wanu sanakane Chichewa ayi. Wapita kumene kuli zidole zoimba.

Nanga mwanayo?

Musamuletse. Ku Gwynedd, chigawo chimene kuli Bangor, sukulu zambiri za pulayimale zimaphunzitsa m'Chiwelishi, ndiye makatuniwo akumuthandiza m'kalasi ndi pabwalo losewerera. Akayankha m'Chiwelishi inu pitirizani m'Chichewa, osakalipa, osasinthira ku Chingelezi. Khalani naye poonera, mumufunse kuti akufotokozereni zimene zachitika, poti inu simukumva. Lamlungu muimbireni agogo ake pa WhatsApp, foni mumupatse iyeyo, inu mutuluke m'chipindamo.