Pitani nawoni ku Liwonde, koma mtsinje muuonere m'boti

Achemwali, mwafunsa malo oti mukagone m'matenti ndi ana anu atatu pa tchuthi cha Ogasiti, pafupi ndi madzi, koma osati kunyanja poti mwapitako kambirimbiri. Ine ndikuti pitani ku Liwonde National Park, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Ndagonako ndi anga, ndipo mpaka lero amakambabe za kumeneko.

Mwezi mwasankha bwino. Ogasiti udzu umakhala utauma, madzi a m'zithaphwi ataphwa, choncho nyama zimatsikira kumtsinje ndipo simuvutika kuzifunafuna. Kutentha koopsa kuja kwa Okutobala kumakhala kusanafike, komanso misewu ya m'kati imayendeka. Nthawi ya dzinja dothi la makande limagwira galimoto ngati ulimbo.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ichi: Shire wa pamenepo si wosamba, si wochapa, ngakhale kuviika phazi ayi. Ana ozolowera mchenga wa ku Mangochi akaona madzi amayamba kuvula malaya. Auzeni musananyamuke kunyumba, ndipo mukawauzenso pofika. Muli ng'ona zikuluzikulu, ndipo mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu kumtunda. Ife tsiku loyamba tinadzidzimuka pakati pa usiku ndi phokoso la kumwetula udzu, pafupi kwambiri moti kupuma kwake kumamveka. Wamng'ono wanga anandigwira dzanja zolimba, tinangokhala chete mpaka chinyamacho chinapita. M'mawa tinapeza mapazi a mvuu, zala zinayi zoonekeratu m'fumbi. Ndiye kukada mwana asatuluke yekha, olo kupita kuchimbudzi. Mupite naye, tochi ili m'manja, ndipo mukamvere zimene alonda a pakampupo akuuzani.

Ngati ndalama zili zochepa, dumphani zina zonse koma ulendo wa paboti musausiye. Sankhani wa madzulo. Boti limayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa bango, mvuu zikungotulutsa makutu ndi mphuno, njovu zikumwa ndi ana awo, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo, kenako dzuwa n'kumalowa kuseri kwa migwalangwa madzi onse atafiira. Ana amene kunyumba sasiya foni anakhala duu ola lathunthu. Funsani kuti aliyense apatsidwe jekete loyandamitsa, ndipo manja asalendewere kunja kwa boti.

Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, koma amene anapitako kale asakuuzeni kuti kulibe kanthu. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, anaimangira mpanda, anachotsa misampha yambirimbiri. Mu 2017 anabweretsa akakwiyo, mu 2018 mikango, ndipo mu 2019 anawonjezera zipembere 17 zochokera ku South Africa. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota ndi ku Kasungu. Izi muwafotokozere ana ali m'galimoto, amamvetsera bwino chinthu akuchiona ndi maso. Koma musawalonjeze mkango kapena chipembere, zimenezo n'zamwayi. Nswala, njiri ndi anyani ndiye muziona mpaka kutopa.

Za kogona, makampu ena ali kufupi ndi chipata cha kum'mwera, mtunda wochepa kuchoka m'tauni ya Liwonde, pomwe Mvuu Camp ili m'kati kumpoto, pagombe penipeni. Imbani foni kaye mufunse ngati akulola tenti yanuyanu, ngati pali pophikira, komanso msinkhu umene amalola ana paboti. Mutenge chiphaso chanu cha unzika, ife eni dziko timalipira zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja.

Ufa, ndiwo, madzi akumwa ndi makala mugulire m'tauni musanalowe. Nkhuni za m'paki musatole. Chakudya chizikhala m'galimoto mutatseka mawindo, chifukwa apusi sachedwa, ife anatilanda buledi wathunthu patebulo tikupungula tiyi. M'tenti musasungemo zipatso, fungo lake limaitana njovu. Majuzi ndi mabulangete musaiwale, m'bandakucha kumtsinje kumazizira ndithu.

Udzudzu uliko ngakhale m'chilimwe. Neti, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi zovala zamikono italiitali madzulo. Mukabwerako mwana akangotentha thupi, olo patapita milungu iwiri, thamangirani kuchipatala akamuyeze malungo, ndipo muwauze adokotala kumene munali.

Masiku awiri ogona akukwanirani. Mukafuna mndandanda wa katundu amene ife tinanyamula, ndiuzeni ndikutumizirani.